MSI Afterburner ndi RTSS: zabwino zedi, koma zikhoza kumakudyerani ma FPS omwe mukuyezawo

Amene munaonerapo mavidiyo oyeza magemu pa YouTube manambala aja mukuwadziwa, amakhala pakona kumtunda kumanzere, GPU (chipi cha khadi la graphics) yatentha bwanji, CPU ili pa maperesenti angati, kenako FPS (kuchuluka kwa ma frame, kutanthauza zithunzi, zomwe gemu ikuonetsa pa sekondi) ndi kamzere koyenda pansi pake. Nthawi zambiri imeneyo imakhala MSI Afterburner pamodzi ndi inzake RivaTuner Statistics Server, yomwe anthu amangoti RTSS. Ndi zaulere, sizifuna akaunti, ukangomaliza kuika sizikudyeranso bandulo, ndipo ngakhale dzina likuti MSI zimagwira pa khadi la kampani iliyonse, kaya ASUS kaya Gigabyte kaya Zotac, Nvidia ndi AMD yemwe. Ndineneretu maganizo anga kuti ofulumira azipita: pa mapulogalamu onse oonera mmene makina akuyendera uli mkati mwa gemu, iyi ndi imene ndingamuuze munthu kuti aike. Koma mmene ambiri amaisiyira ikangolowa, osakhudza setingi olo imodzi, kumbuyoko kulinso tina titatu tinayi tikuyeza zomwezomwezo, ikhoza kukhala yomweyo ikupangitsa gemu kuchita chibwibwi. Munthu nkumatukwana khadi, kutukwana Windows, mpaka kuganiza zogulitsa makina abwinobwino.

Choyamba dziwani kuti izi ndi zinthu ziwiri ngakhale zimabwera mu installer imodzi. Afterburner ndi imene imalankhula ndi zida zanu, kufunsa za kutentha, liwiro la mafani, ma clock, magetsi amene khadi likukoka, ndiponso overclock (kukweza liwiro la khadi) ndi undervolt (kutsitsa voteji ya khadi) mumapangira momwemo. RTSS ntchito yake ndi ina, imalowa mkati mwa gemu nkudzikoleka pa DirectX kapena Vulkan kapena OpenGL, nkumajambula manambala aja pamwamba pa frame isanafike pa sikilini, ndipo kuwerenga FPS ndi frametime (nthawi yomwe frame imodzi imatenga) ndi ntchito yakenso. Zonse ziwiri analemba ndi munthu mmodzi wa ku Russia, Alexey Nicolaychuk, wodziwika kuti Unwinder, yemwe anayamba ndi RivaTuner kalekale nthawi ya makhadi akale a Nvidia, Afterburner nkudzatuluka mu 2009. Pofufuza vuto mukuyenera kudziwa kuti mukulimbana ndi uti, wofunsa mafunso kapena wojambula, chifukwa matenda awo ndi osiyana.

Nambala ya FPS payokha imabisa zambiri. Gemu ikamayenda pa 60 FPS ndekuti frame iliyonse ili ndi mamilisekondi 16.7 kuti ikonzedwe, pa 144 FPS ndi pafupifupi 6.9 basi, pa 30 ndi 33.3. Nde tiyerekeze kuti mu sekondi imodzi ma frame onse abwera pa nthawi yake koma imodzi yokha yachedwa mpaka mamilisekondi 50. Kauntala ingotsika kuchoka pa 60 kufika pa 58, ukaiyang'ana umati zonse zili bho, pomwe maso ndi dzanja zamva kale kuti chinachake chagwira, makamaka potembenuza kamera mu GTA V kapena ukamathamanga ndi mpira chakumbali mu FC. Nchifukwa chake chinthu choyamba kuyatsa mu Afterburner ndi Frametime, ndipo muiike ngati graph osati nambala yokha. Mzere ukakhala wosalala gemu ikuyenda bwino olo FPS ikhale 45. Ukamatulutsa minga, pamenepo nde pali nkhani.

Tsopano minga imeneyo muiyang'ane mmene ikubwerera. Afterburner imafunsa masensa ake pa mamilisekondi 1000 aliwonse, kamodzi pa sekondi, setingi yake ndi Hardware polling period mu tabu ya Monitoring. Nde mukaona kuti minga ikubwera motalikana mofanana ndendende, olo mwangoimika munthu wanu poyang'ana khoma osagwira kiyibodi, yambani kukayikira choyezeracho. Gemu payokha sidodoma mwadongosolo chonchi, imadodoma mukalowa malo atsopano, bomba likaphulika, adani akachuluka. Njira yotsimikizira ndi yosavuta ndipo ndimaikonda chifukwa siifuna kuganiza kwambiri: sinthani 1000 ija muike 3000 kapena 5000, bwererani mu gemu pamalo omwewo. Minga ikatalikirana molingana ndi nambala mwaikayo, mbala mwaigwira. Ikapanda kusintha, Afterburner ilibe mlandu, kafufuzeni kwina. Pali ena amatsitsa nambala imeneyi mpaka 100 kapena 200 kuti manambala azisinthasintha mwachangu ngati a pa YouTube, eti zikuoneka za ukatswiri. Kumeneko kuli ngati kumangovundukula mphika wa nyemba mphindi iliyonse kuti uone ngati zapsa, moto womwewo koma zichedwa basi. Pa 100 mukufunsa kakhumi pa sekondi zinthu zoti sizisintha nkomwe mwachangu chomwecho.

Kuyesa kwachiwiri ndi kuwalekanitsa awiriwa. Tsekani Afterburner kotheratu, muonetsetse kuti ka icon kake kachoka pansi paja pafupi ndi wotchi, kenako tsegulani RTSS yokha nkuyatsa Show own statistics. RTSS imatha kuonetsa FPS ndi frametime popanda mnzakeyo. Chibwibwi chikatha ndekuti vuto lili ku masensa. Chikapitirira tsekaninso RTSS, muyeze ndi kauntala ya mu gemu momwemo kapena ya Steam, olo ndi maso chabe, maso sanama pa nkhani iyi. Chonde sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, anthu amathimitsa zinthu khumi kamodzi nkuikanso driver watsopano, gemu ikachira sadziwa kuti chachiritsa ndi chiti, mawa lake abwezeretsa chomwe chinali vuto.

Pa masensa onse amene amatchuka kwambiri ndi a Power, makamaka pa makhadi a Nvidia. Pali Power ya maperesenti ndi Power ya ma watt. Masensa sali ofanana aise. Ena yankho limakhala lilipo kale, kungolitenga, pomwe ena pulogalamu imayenera kudutsa mwa driver, driver akafunse kachipangizo kena pa khadipo kudzera mu kanjira kochedwa, ndipo nthawi yonseyo driver yemweyo ndi amenenso gemu ikumudikira kuti atumize frame. Mamilisekondi ochepa okha akatayika pamenepo, pa 60 FPS mwina simumva chifukwa pali kampata, koma pa 144 kapena 240 pomwe frame ili ndi mamilisekondi 7 kapena 4 okha zimaonekera. Sikuti makina onse amadwala zimenezi ayi, pali ambiri amene amayatsa Power osamva kalikonse, zimatengera khadi, driver ndi CPU. Koma ngati muli ndi minga ya pa sekondi ija, woyamba kumuchotsa ndi ameneyu, kenako CPU power, kenako voteji. Ndipo tinene zoona, pakati pa machesi nambala ya ma watt ikuthandizani chani? Imafunika tsiku lopanga undervolt kapena pofuna kudziwa ngati power supply ikukwanitsa, kupatula apo ndi yongokongoletsa.

Apa nde pamene ambiri amasokonekera ndipo ine ndimaiona ngati mbali yomwe pulogalamuyi sinakonzedwe momveka. Mu tabu ya Monitoring muli mndandanda wautali, sensa iliyonse ili ndi katiki kumanzere kwake, kenako pansi pali bokosi lina loti Show in On-Screen Display. Kuchotsa chinthu pa bokosi lapansilo kumangochibisa pa sikilini basi, Afterburner imapitirizabe kuchifunsa sekondi iliyonse. Kuti isiye kufunsa mukuyenera kuchotsa katiki kakumanzere kaja. Chimodzimodzi hotkey yobisira overlay, manambala a pa sikilini aja, imangobisa, ntchito kumbuyo ikuyendabe. Nde munthu amati "ndathimitsa overlay koma lag ikadalipo, ndekuti si Afterburner", pomwe sanathimitse kanthu. Ndipo ikangoikidwa kumene zambiri zimabwera zochonga kale, mpaka za core iliyonse ya CPU payokhapayokha, kutentha kwake, ntchito yake, clock yake, pa CPU ya ma thread 16 mndandanda umatalika osati masewera. Pamafunika kukhala pansi nkuchotsa kamodzikamodzi, zotopetsa koma ndi za tsiku limodzi.

Chomwe ndimawayamikira nchoti anaikamo chida chodzigwirira okha. Mukatsegula windo ya ma graph ija nkudina batani lakumanja la mausi, muli poyatsira status ndi profiler panel, imene imakuonetsani kuti sensa iliyonse ikutenga nthawi yaitali bwanji kuyankha. Simufunikanso kulota, wochedwa amaonekera yekha pamwamba. Vuto lake anachibisa kwambiri moti anthu amagwiritsa ntchito pulogalamuyi zaka osadziwa kuti chilimo. Maonekedwe a Afterburner nawonso, eee, ma skin ake ambiri ndi odzaza ndi zokongoletsa mpaka batani la Settings umachita kulisaka. Pitani ku tabu ya User interface musankhe skin yosalira zambiri, mutu umapepuka.

Koma nkhani yaikulu kuposa sensa imodzi ndi kuunjika. Taonani pa makina ambiri a ma gamer: Afterburner ikuyenda, HWiNFO (pulogalamu ina yofunsa masensa) yatsegulidwa kumbuyo, pulogalamu ya kampani ya motherboard ikuyang'anira mafani, ina ya magetsi a RGB, ina ya kiyibodi ndi mausi, overlay ya Nvidia kapena ya AMD, Discord, Steam, Xbox Game Bar, mwinanso Task Manager yaiwalidwa yotsegula. Theka la zimenezi likufunsa kutentha komweko kwa CPU yomweyo, aliyense pa nthawi yake. Masensa ena a pa motherboard ndi pa RAM amafikiridwa kudzera pa njira imodzi yopapatiza, SMBus, yoti awiri sangalankhulepo nthawi imodzi, nde mapulogalamu olembedwa bwino amadikirana pamzere, ena olembedwa mwachisawawa amangolowerera, zotsatira zake ndi manambala openga, fani kukuwa popanda chifukwa, ndi kudodoma kuja. Pa makina anga chomwe chinkandivutitsa kwambiri sichinali choyezera FPS nkomwe, inali pulogalamu ina ya magetsi okongoletsa yomwe inali ndi ma service ake oyenda mwakachetechete olo utaitseka, mpaka ndinachita kukaithimitsa ku Services. Nde musangoyang'ana zomwe zikuoneka pansi pa sikilini, tsegulani Task Manager muone tabu ya Startup ndi zomwe zikuyenda kumbuyo. Lamulo langa ndi loti wofunsa masensa akhale mmodzi, wojambula pa sikilini akhale mmodzi.

HWiNFO ndiitchulepo pang'ono poti imayendera limodzi ndi nkhaniyi. Ndi ya Martin Malik wa ku Slovakia, ndipo pa kuchuluka kwa zomwe imaona palibe yoiposa, mpaka kutentha kwa hotspot, kwa VRM, kwa SSD, zonse. Koma kuona zambiriko nkomwenso kumailemetsa. Imafunsa pa mamilisekondi 2000 aliwonse mukapanda kusintha, nde minga yake imabwera pa masekondi awiri awiri. Zokayikitsa kumeneko ndi S.M.A.R.T. (yoona thanzi la ma disk) ndi sensa ya Embedded Controller, yomwe pa ma motherboard ena pulogalamuyo imachita kukuchenjezani yokha musanayatse kuti ikhoza kuchedwetsa makina. Anthu amangodina Continue osawerenga. Nayonso ili ndi Profiling Time yoonetsa wochedwa, ndipo mukhoza kudina kumanja pa sensa nkusankha Disable Monitoring. Amene mumatumiza manambala a HWiNFO ku RTSS kudzera pa Shared Memory, kumbukirani kuti kuyambira version 7 yaulereyo imazima yokha pakatha maola 12, ukafune kuyatsanso pamanja. Ine HWiNFO ndimaitsegula pofufuza matenda basi, posewera ayi.

Tibwere kwa wojambula uja. RTSS payokha ndi yopepuka, kujambula timanambala tochepa si ntchito yoti khadi lingamve. Imayamba kuvuta ikakumana ndi anzake pakhomo limodzi, chifukwa overlay ya Steam, ya Discord, ReShade, OBS pojambula gemu, onsewa amafuna kudzikoleka pamalo amodzimodzi pomwe gemu imaperekera frame. Zikagundana gemu imatha kukana kutseguka, kuthima yokha, kapena kumangogwedera. Mu RTSS muli Application detection level, pali None, Low, Medium ndi High. Isiyeni pa Low, ikwezeni pokhapokha gemu ikukana kuonetsa manambala. Chabwino kwambiri nchoti mukhoza kupanga profile ya pulogalamu iliyonse payokha, kudina Add nkusankha fayilo yake ya exe, nkuiika pa None kuti RTSS isaikhudze nkomwe. Zimathandiza pa ma launcher, ma emulator ena ndi mapulogalamu osinthira mavidiyo omwe RTSS imawayesa magemu. Palinso kusiyana kwina koti ma overlay amene amabwera ngati windo yapadera pamwamba pa gemu amatha kupangitsa Windows kusiya kupereka frame mwachindunji, G-Sync kapena FreeSync (zogwirizanitsa sikilini ndi FPS ya gemu) nkusiya kugwira bwino, pomwe RTSS imajambula mkati mwa frame momwemo. Pa ichi chokha ndimaikonda kuposa ambiri.

Ndipo musaganize kuti za makampani akuluakulu ndi zoyera. Nvidia App itatuluka mu November 2024 kulowa m'malo mwa GeForce Experience, pofika December a Tom's Hardware anapeza kuti magemu ena amatsika mpaka 15 peresenti chifukwa chongoiika. Zitafufuzidwa zinapezeka kuti gwero lake ndi setingi ya Game Filters and Photo Mode, yomwe inkabwera yoyatsa kale olo munthu asakugwiritsa ntchito filter iliyonse, ndipo Nvidia inadzatulutsa update yoti izibwera yothimitsa. Ngati munaika nthawi imeneyo kaoneni ku Settings, mbali ya overlay, kuti ili bwanji. 15 peresenti si yocheperatu, anthu amalipira ndalama zambiri kuti akwere kuchoka pa khadi lina kupita pa lina chifukwa cha kusiyana kotereku. Ku AMD Adrenalin manambala amayatsidwa ndi Ctrl+Shift+O ndipo nakonso muli posinthira kuti izifunsa pafupipafupi bwanji. Steam nayo mu 2025 inakulitsa kauntala yake, pano imaonetsa CPU, GPU ndi RAM, mpaka kusiyanitsa ma frame enieni ndi opangidwa ndi DLSS kapena FSR. Kwa munthu wongofuna kuona FPS, ya Steam ikukwana, palibe chifukwa choikira zina.

Magemu a pa intaneti ali ndi nkhani yawo. Counter-Strike kuyambira 2020 ili ndi Trusted Mode yomwe imakana mapulogalamu akunja kulowa mu gemu, nde manambala a RTSS saoneka pokhapokha muike -allow_third_party_software pa launch options, ndipo ine sindingakulimbikitseni poti CS2 ili kale ndi telemetry yakeyake mu settings. Destiny 2 nayo siilola ma overlay otere. Vanguard, anti-cheat (choletsa kubera mu gemu) ya Valorant, itangoyamba mu 2020 inkatsekereza ma driver ena a mapulogalamu oyezera kutentha. Nde manambala akakana kutuluka mu gemu ya anti-cheat musalimbane nazo, gwiritsani ntchito za mu gemumo.

A malaputopu mvetserani, poti ambirife ndi momwe timasewerera. Laputopu ya ma GPU awiri, ka Intel kapena AMD kamkati ndi Nvidia yaikulu, imagoneka yaikuluyo ikakhala ilibe ntchito kuti batire lichedwe kutha. Choyezera chikamaifunsa sekondi iliyonse imalephera kugona, kapena imangodzuka nkugona, kudzuka nkugona, mpaka mausi kumadodoma pa desktop penipeni usakusewera nkomwe. Magetsi akathima nde mumaona batire likutsika ngati mukusewera pomwe mukungolemba asainimenti. Pa laputopu musaiike kuti iziyamba ndi Windows. Komanso ma slider ambiri a fani ndi voteji amakhala otseka pa laputopu, si kuti yawonongeka, opanga laputopuyo ndi amene anatseka. Ndipo FPS ikagwa mwadzidzidzi mutangochotsa chaja, ameneyo si Afterburner, laputopu imadzichepetsa mphamvu yokha ikakhala pa batire, palibe setingi ya overlay ingakonze zimenezo.

Nanga bwanji ndikuilimbikirabe ndi mavuto onsewa? Chifukwa zomwe imachita bwino imachitadi bwino. Framerate limit ya RTSS ndi imodzi mwa zinthu zothandiza kwambiri pa makina ofooka. Gemu ikamasewera pakati pa 48 ndi 70 imamveka yoipa kuposa itakhazikika pa 45 kapena 50 osasuntha, nde mumaika malire pamene makina anu angakwanitse nthawi zonse, khadi limapuma, kutentha kumatsika, fani imasiya kukuwa, zomwe mwezi wa October mu chipinda cha malata si nkhani yaing'ono. Chenjezo lake nloti limiter ya RTSS ikayaka graph imaoneka yowongoka mopitirira muyeso chifukwa ikuyezera pamalo omwewo pomwe ikuimitsira ma frame, nde musamakhulupirire kwambiri mzere umenewo, maso anu akamati pali vuto ndekuti lilipo. Ofuna kuyeza mozama pali CapFrameX ndi PresentMon ya Intel, zomwe zimatenga manambala kuchokera ku Windows, mumajambula masekondi angapo nkukaona pambuyo 1% low ndi 0.1% low (FPS ya ma frame ochedwetsetsa) mutatuluka mu gemu. Chinanso chokoma ndi undervolt, mukadina Ctrl+F imatsegula curve ya voteji ndi clock, mukhoza kutsitsa magetsi khadi nkumathamanga pafupifupi chimodzimodzi koma lozizirirapo. Pa makhadi ogula kwa munthu, oti atumikira kale zaka, chimenechi chimathandiza kuposa overclock.

Komanso tisaikankhire milandu yonse. Chibwibwi chambiri mu magemu atsopano ndi cha shader compilation (gemu ikamakonza malangizo ojambulira kuti agwirizane ndi khadi lanu), makamaka a DirectX 12 ndi a Unreal Engine, chimabwera koyamba ukaona chinthu chatsopano nkuchepa ukabwereza malo omwewo, ndipo chimabwereranso ukasintha driver. China ndi VRAM (memory ya pa khadi) kudzaza, khadi la 4GB mwaliika ma texture a Ultra. China ndi RAM ya 8GB ya stick imodzi yokha, china gemu ili pa hard disk yakale m'malo mwa SSD, china ndi fumbi ndi thermal paste youma mpaka CPU kumadzitsitsa liwiro yokha. Zonsezi Afterburner yomweyo ndi imene ingakuonetseni: Memory usage ikafika kumapeto, clock ikamagwa nthawi yomwe kutentha kwakwera, kapena GPU usage ikamakhala pansi pomwe FPS ndi yochepa kusonyeza kuti CPU ndi imene ikulephera. Yatsani masensa amenewa tsiku lofufuza, mukapeza yankho muwachotse.

Za kotenga, apa nde samalani zenizeni. Tengani pa webusaiti ya msi.com kapena ku Guru3D, kwina ayi. Mu 2022 ofufuza a Cyble anapeza mawebusaiti abodza pafupifupi 50 ofanana ndi a MSI, omwe ankapereka Afterburner yosakaniza ndi miner yokumba ndalama ya crypto ya Monero komanso RedLine yoba ma password. Tangoganizani, mwaika pulogalamu kuti muone chikudya ma FPS ndi chani, yomweyo nkumakumba ndalama za munthu wina ndi makina anu. Musadine malonda amene amabwera pamwamba pa Google, lembani adiresi nokha. Ndipo chizolowezi chathu chopatsana ma setup pa flash, pa iyi yokha chisiyeni, fayilo yake ndi yaing'ono siingamalize bandulo. Chifukwa china nchoti ma version akale ali ndi driver wotchedwa RTCore64.sys yemwe anapezeka ndi bowo la chitetezo mu 2019, ndipo gulu la ransomware (otseka mafayilo a anthu nkumafuna dipo) la BlackByte linamugwiritsapo ntchito mu 2022 pothimitsa ma antivirus. Pulogalamu yolowa mkati mwenimweni mwa Windows chonchi siyofunika kukhala ya zaka zisanu zapitazo yochokera mu folda ya mnzako yolembedwa Softwares.

China chomwe chimandidetsa nkhawa pang'ono nchoti chinthu chomwe dziko lonse limayezera magemu chili m'manja mwa munthu mmodzi. Mu January 2023 Unwinder ananena poyera kuti ntchito ya Afterburner yatsala pang'ono kufa chifukwa malipiro ochokera ku MSI anali atayima kwa miyezi yambiri kaamba ka nkhondo ya ku Ukraine ndi ziletso za ndalama zopita ku Russia. MSI inayankha kuti ikufuna ipitirire, version 4.6.5 inatuluka chaka chomwecho ndipo ntchito inadzapitirira mpaka kufika pa makhadi a RTX 50. RTSS yokha ndi yake mwini, siili pansi pa MSI. Koma ma update amabwera mwa apo ndi apo, ndipo amene muli ndi khadi latsopano kwambiri nthawi zina mumayenera kudalira beta.

Mmene ndimaisiyira ine ndi chonchi: polling pa 1000, zochonga ndi GPU temperature, GPU usage, Memory usage, CPU temperature imodzi yokha ya CPU yonse, Framerate ndi Frametime, zina zonse katiki kochotsa. Overlay ya Discord ndi Game Bar zothimitsa, ya Steam ndimaisiya chifukwa cha ma invite koma kauntala yake ayi. Ngati munapanga undervolt kapena overclock, sungani pa profile nkudina kabatani ka chizindikiro cha Windows kaja kuti iziikidwa makina akamayaka, pamenepo Afterburner siifunika kukhala yotsegula, imaika manambala nkuchoka, nde Start with Windows ya mu Settings mukhoza kuichotsa. Okhawo amene munajambula fan curve yanuyanu mu tabu ya Fan ndi amene mukuyenera kuisiya ikuyenda, poti ikatsekedwa fani imabwerera ku zomwe khadi linabwera nazo, ndipo pamenepo GPU temperature musaichotse katiki chifukwa curve imadalira yomweyo.